THUPI LATHU LIMADZITETEZA: KHUNGU, MASO NDI PAKHOSI

Anzathu, amayi ndi abambo amene mukuphunzira kuwerenga ndi kulemba,

Phunziro lino likunena za thupi lathu ndi m'mene limadzitetezera ku matenda. Likunenanso za matenda amene timawaona tsiku ndi tsiku m'midzi mwathu: mphere, chipere, zithupsa, maso ofiira ndi zironda zapakhosi. Matenda amenewa tinawazolowera. Timati, "N'zazing'ono izi, zitha zokha." Zoonadi, kawirikawiri zimatha zokha, chifukwa thupi liri ndi chitetezo chake. Koma zina sizitha. Chironda chaching'ono cha pamwendo chikhoza kudwalitsa impso. Manthongo a m'maso mwa mwana akhoza kumulanda kuona atakula. Pakhosi popweteka pakhoza kuononga mtima.

Tiyeni tiwerenge pamodzi, pang'onopang'ono, kuti tidziwe chimene thupi lingathe kuchita palokha, chimene ife tingalithandize, ndi nthawi yoyenera kunyamuka kupita kuchipatala.

1. ADANI OSAONEKA

Matenda opatsirana amadza ndi tizirombo. Tizirombo timeneti n'tating'ono kwambiri. Maso athu sangathe kutiona, koma kuchipatala tambiri mwa ito amationa ndi makina otchedwa maikulosikopu. Tiri m'madzi, m'dothi, m'manja, m'malovu ndi pamiyendo ya ntchentche. Si tonse timene tiri toipa. Tambiri timakhala pakhungu ndi m'matumbo mwathu mwamtendere, ndipo tina timatithandiza. Timene timadwalitsa tiri m'magulu anayi.

Mabakiteriya amabweretsa zithupsa, zironda zamafinya ndi trakoma.
Mavairasi ndiwo aang'ono koposa. Amabweretsa chimfine ndi chikuku.
Gulu lachitatu ndi abale a chuku, chija chimamera pansima yogona. Iwo amabweretsa chipere.
Gulu lachinayi ndi tizirombo toyamwa m'thupi la munthu, monga nsabwe ndi kachirombo ka mphere.

Tikuwasiyanitsa chifukwa gulu lirilonse liri ndi mankhwala ake. Mankhwala opha mabakiteriya, monga penisilini, sapha mavairasi. Munthu wogula makapisozi pamsika kuti achize chimfine wangotaya ndalama zake, ndiponso waphunzitsa mabakiteriya a m'thupi mwake kupirira mankhwalawo.

2. MPANDA WOYAMBA

Mlimi wanzeru sadikira fisi kuti alowe m'khola. Amayamba wamanga mpanda. Thupi nalonso liri ndi mpanda wake, ndiwo khungu. Khungu lopanda bala silola tizirombo kudutsa. Pamwamba pake pamafundudwa pang'onopang'ono masiku onse, ndipo tizirombo timagwa pamodzi ndi zofundukazo. Thukuta ndi mafuta a pakhungu nazonso zimalepheretsa tizirombo kuswana.

Koma mpanda uliwonse uli ndi zipata. Maso, mphuno ndi kamwa ndizo zipata za thupi, ndipo pachipata chirichonse pali mlonda. M'maso muli misozi. Nthawi iriyonse tikaphethira, misozi imatsuka diso. Mu 1922 Alexander Fleming, katswiri wa ku Scotland, analengeza kuti m'misozi, m'malovu ndi m'mamina muli chinthu chimene chimasungunula mabakiteriya ena. Ndi Fleming yemweyo amene anatulukira penisilini mu 1928. M'mphuno muli ubweya ndi mamina zokola fumbi. Kukhosi, mbali iyi ndi iyo, kuli tinyama tiwiri totchedwa matonsi, timene timayamba kukumana ndi zonse zolowa pakamwa.

3. ASIRIKALI A M'MAGAZI

Nanga mpanda ukathyoka? Tiyerekeze kuti khasu latitema kuphazi. Tizirombo ta m'dothi talowa. Pamenepo thupi limatumiza asirikali ake.

M'magazi muli tinthu tamoyo tating'ono totchedwa maselo. Maselo ofiira amanyamula mpweya. Maselo oyera ndiwo asirikali. Onse amapangidwa m'kati mwa mafupa. M'kadontho ka magazi kochepa ngati mutu wa phini muli maselo oyera pakati pa 4,000 ndi 11,000. Pakachitika bala, mitsempha ya pamalopo imakula kuti magazi ambiri afike. N'chifukwa chake pabala pamafiira, pamatentha, pamatupa ndipo pamapweteka. Asirikali amazinga tizirombo n'kutimeza. Ambiri a iwo amafera pankhondopo. Mafinya amene timawaona pachironda ndiwo asirikali akufa, osakanikirana ndi tizirombo ndi minofu yoonongeka.

Tonse timamudziwa mwanabere. Tikakhala ndi chironda kuphazi, mwanabere amatupa m'mphechepeche. Chikakhala padzanja, amatupa m'khwapa. Pakhosi pakadwala, amatupa m'khosi pansi pa chibwano. Mwanabere si nthenda payekha. Iye ali ngati msasa wa asirikali, pamene amasefa tizirombo ndi pamene asirikali amachulukana. Tisamuteme mphini. Tifunefune chironda chimene chamutupitsa, ndipo tichize chimenecho. Koma mwanabere amene wakhala masabata ambiri osaphwa, kapena akungokulirakulira, aonedwe kuchipatala.

Kutentha thupi nakonso ndi chida cha nkhondo. Thupi labwino limakhala pa madigiri 37. Likafika pa 38 kapena kupitirira, ndiye kuti m'katimo mukumenyedwa nkhondo. Kwathu kuno kutentha thupi kukhoza kukhala malungo, choncho wodwala, makamaka mwana ndi mayi woyembekezera, akayezetse magazi tsiku lomwelo.

4. THUPI SILIIWALA MDANI

Pali gulu lina la asirikali limene silifulumira, koma ndilo lanzeru. Asirikali amenewa amayamba aphunzira maonekedwe a mdani, kenaka amasula zida zoyenera mdani yekhayo. Zida zimenezi zimatchedwa maantibodi. Ntchitoyi imatenga sabata imodzi kapena awiri. Nkhondo ikatha, ena mwa asirikaliwo amatsala ndi chikumbumtima cha nkhope ya mdaniyo kwa zaka zambiri. Akabweranso amamuzindikira msanga, n'kumugonjetsa munthu asanagone pamphasa. Ndicho chifukwa chake amene anadwalapo chikuku sadwalanso kachiwiri.

Katemera anachokera pa nzeru imeneyi. Katemera amaonetsa thupi mdani wofooketsedwa, kapena wakufa, kapena kachidutswa kake chabe. Asirikali amaphunzira popanda munthu kudwala nthendayo. Mu 1796 dokotala wa ku England, Edward Jenner, anaonetsa kuti munthu wotemeredwa ndi kanthenda ka zotupa za ng'ombe sagwidwa ndi nthomba. Agogo athu amaikumbukira nthomba yaikulu ija: inkapha, inkaboola nkhope, inkatseka maso.

Dziko lathu la Moçambique linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Kuyambira mu 1976 kufikira mu 1979, magulu a zaumoyo anayenda chigawo ndi chigawo, mudzi ndi mudzi, kutemera anthu mamiliyoni. Anatemera nthomba, chikuku, chifuwa chachikulu ndi kafumbata. Anthu a m'midzi ndiwo ankaitanizana, kulambula njira ndi kuimika mizere. M'maiko enanso ntchito yotemera nthomba inachitika, ndipo mu 1980 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti nthomba yatheratu. Akuluakulu ambiri pakati pathu akadali ndi chipsera cha katemerayo paphewa. Chipsera chimenecho ndi umboni wakuti anthu akagwirizana nthenda imagonja.

Lero mwana amalandira katemera tsiku lobadwa, kenaka pa miyezi 2, 3 ndi 4, ndipo wa chikuku pa miyezi 9 ndi 18. Masiku ake amalembedwa pakhadi la mwana. Ife amene taphunzira kuwerenga, tiwerenge khadilo tokha, ndipo tiwawerengerenso anzathu.

5. ZIMENE ZIMAFOOKETSA ASIRIKALI

Msirikali wanjala sagwira uta. Mwana amene amangodya phala loyera lopanda chotendera, asirikali ake amakhala ofooka. Thupi limafuna nyemba, nsinjiro, soya, mazira, usipa, masamba ndi zipatso. Khanda limalandira maantibodi a amayi ake lisanabadwe, ndipo limalandiranso ena m'mawere. Mkaka woyamba wachikasu uja ndiwo uli ndi maantibodi ambiri. Si wonyansa, tisaufinyire pansi. Mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6.

Chikuku chimafooketsa chitetezo kwa nthawi yaitali ngakhale mwana atachira. Nthenda ya shuga imachedwetsa kupola kwa zironda. Ukalamba ndi mowa wambiri nazonso zimafooketsa. Kachirombo ka HIV kamapha asirikali amene amatsogolera anzawo, otchedwa CD4. N'chifukwa chake munthu wamkulu amene zotupa, mashingozi kapena zoyera zam'kamwa zikungomubwererabwerera ayenera kukayezetsa magazi. Mankhwala a ARV amaperekedwa mwaulere m'zipatala za boma. Munthu akamamwa tsiku lirilonse, kachiromboko kamaponderezedwa ndipo asirikali amachulukanso.

6. MATENDA A PAKHUNGU

Mphere

Mphere imadza ndi kachirombo kachibale ka nkhupakupa, koma kakang'ono ngati kadontho ka fumbi. Kakakazi kamakumba una m'khungu n'kuikiramo mazira. Munthu amamva kuyabwa koopsa, makamaka usiku. Timatuza timaoneka pakati pa zala, pamfundo za manja, m'khwapa, m'chiuno, m'matako ndi kumaliseche. Kwa makanda timaonekanso m'zikhatho ndi kumapazi. Mphere imayenda pokhudzana khungu ndi khungu, pogona mphasa imodzi ndi pofunda bulangete limodzi.

Apa pali mfundo yofunika. Munthu amene watenga mphere koyamba amatha masabata 4 mpaka 6 asanayambe kukanda, koma nthawi yonseyo akupatsira ena. Choncho m'nyumba mukapezeka mmodzi wa mphere, onse a m'nyumbamo alandire mankhwala tsiku limodzi, ngakhale amene sakukanda. Mankhwala opaka, monga benzyl benzoate kapena permethrin, apakidwe thupi lonse kuyambira m'khosi kufikira kuzala za kumapazi, osati pokhapo poyabwa. Za makanda ndi amayi oyembekezera tifunse anamwino. Zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha n'kuziyanika padzuwa. Zosachapika zimangidwe m'thumba la pulasitiki kwa sabata, pakuti kachiromboka sikakhala moyo kupitirira masiku atatu kakasowa munthu. Kuyabwa kukhoza kupitirira kwa masabata awiri kapena kuposerapo titapaka mankhwala. Zimenezo sizitanthauza kuti mankhwala alephera.

Ambiri amabisa mphere poopa kusekedwa kuti ndi auve. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Mphere imagwira ngakhale munthu wosamba kawiri patsiku.

Zironda zamafinya ndi zithupsa

Kukanda kumaboola mpanda. Pamene tikanda mphere kapena polumidwa ndi udzudzu, mabakiteriya amalowa. Pamabuka zironda zokhala ndi nkhanambo zachikasu ngati uchi wouma, makamaka pamiyendo ndi kuzungulira mphuno ndi pakamwa pa ana. Tizitsuke ndi sopo ndi madzi oyera, tiziphimbe ndi kansalu kochapa kuti ntchentche zisateremo, ndipo timuwenge mwana zikhadabo. Tisaikemo dothi, ndowe, phulusa kapena zakuda za m'batire. Zironda zikachuluka, kapena mwana akatentha thupi, akalandire mankhwala.

Mwana amene anali ndi zironda zotere timuyang'anitsitse kwa mwezi wathunthu ndi kupitirira. Akadzuka m'mawa nkhope itatupa, akamakodza pang'ono, kapena mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, ndiye kuti impso zakhudzidwa. Tipite naye tsiku lomwelo.

Chithupsa tichithowe ndi kansalu ka madzi ofunda kangapo patsiku kufikira chitaphulika chokha. Chithupsa cha pamphuno kapena pamlomo wam'mwamba tisachifinye, chifukwa mitsempha ya pamenepo imalumikizana ndi ya m'kati mwa mutu. Kufiira kukamafalikira, kapena pakaoneka mzere wofiira wokwera ndi mkono kapena mwendo, tisagone nacho.

Chipere

Chipere chimaoneka ngati bwalo lozungulira, lotuwa, lokhala ndi m'mphepete motukuka. Pamutu chimathothola tsitsi. Chimayenda ndi lumo, makina ometera, chipeso, chipewa ndi nsalu. Amphaka, agalu ndi ana a ng'ombe nawonso amapatsira. Chipere cha pathupi chimatha ndi mankhwala opaka, tikapaka mosadumphitsa kwa masabata angapo. Koma cha pamutu sichimva mankhwala opaka okha, chifukwa chimabisala m'mizu ya tsitsi. Chimafuna mapiritsi akumwa, monga griseofulvin, kwa masabata 6 kapena kupitirira. Mwana aliyense akhale ndi lumo lakelake.

Banga losamva

Banga lotumbuluka kapena lofiirira, losayabwa, limene silimva ukalikhudza ndi nthenga, likhoza kukhala khate. Khate limachizika. Mankhwala ake ndi aulere ndipo amamwedwa miyezi 6 kapena 12. Amene wayamba msanga saduka zala, ndipo akangoyamba mankhwala amaleka kupatsira ena.

7. MATENDA A MASO

Ife ophunzira kulemba tazindikira kale kuti mau akuti "khungu" amalembedwa chimodzimodzi koma ali ndi matanthauzo awiri. Pali khungu lokuta thupi, ndipo pali khungu la kusaona. Loyambalo likaboola limapola. Lachiwirilo likafika, kawirikawiri silichoka. Madzi akatayika saoleka. Choncho za maso tizisamale koposa.

Maso ofiira

Nthendayi imafala msanga m'nyumba, m'sukulu ndi m'misika. Diso limafiira, limanyerenyetsa ngati muli mchenga, limatuluka misozi kapena manthongo, ndipo m'mawa zikope zimamatana. Kawirikawiri amayambitsa ndi mavairasi, ndipo imatha pakapita sabata imodzi kapena awiri. Sitenga munthu pongoyang'anana ndi wodwala. Imayenda ndi manja, nsalu yopukutira ndi madzi osambira m'beseni limodzi. Tipukute manthongo ndi kansalu koyera konyowetsa m'madzi owiritsa atazizira, diso lirilonse kansalu kake, ndipo tisambe m'manja ndi sopo.

M'diso tisathiremo mkodzo, mandimu, fodya, mchere wouma, utomoni kapena madzi a masamba ofinya. Maso ambiri amene akanachira okha anaphulika chifukwa cha zothirathira. Tithamangire kuchipatala diso likamapweteka kwambiri, likamaopa kuwala, likamaona mwachimbuuzi, likalasidwa ndi kamtengo kapena tsamba la chimanga, kapena pakaoneka kadontho koyera pamene pali pakuda.

Maso a khanda

Khanda losakwana mwezi likatupa zikope n'kumatuluka mafinya, imeneyo ndi ngozi. Kawirikawiri kachirombo kake ndi ka chinzonono, kochokera m'njira ya amayi pobadwa, ndipo kakhoza kuboola diso m'masiku ochepa. Mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo amayi ndi abambo onse awiri alandire mankhwala. N'chifukwa chake kuchipatala amapaka mankhwala m'maso mwa khanda likangobadwa.

Trakoma

Trakoma ndi nthenda yoyenda mwakachetechete. Imakonda kumene madzi ali kutali ndiponso zimbudzi n'zochepa. Imayamba mwa ana aang'ono ngati manthongo wamba. Bakiteriya wake amayenda ndi zala, ndi chitenje chimene mayi wapukutira nkhope za ana atatu, ndi ntchentche zotera m'maso. Ntchentche zimenezi zimaswana m'chimbudzi cha munthu chosiyidwa pamtetete.

Tione m'mene imachitira. Nthawi iriyonse mwana akadwala, asirikali amamenya nkhondo kuseri kwa chikope, ndipo nkhondo iriyonse imasiya kachipsera. Zaka zikamapita zipsera zimachuluka, zimakoka chikope n'kuchipindira m'kati. Nsidze zimayamba kukwecha diso nthawi iriyonse munthu akaphethira. Potsiriza diso limachita mtambo woyera, munthu n'kuleka kuona. Amayi ndiwo amavutika kwambiri kuposa abambo, chifukwa ndiwo amakhala ndi ana pamiyendo.

Njira zoigonjetsera ziripo zinayi: opareshoni yaing'ono yowongola chikope, mankhwala a azithromycin operekedwa kwa anthu a dera lonse, kusambitsa ana kumaso tsiku lirilonse, ndi kukumba zimbudzi ndi zitsime. Anansi athu a ku Malawi anatsata njira zimenezi, ndipo mu 2022 WHO inavomereza kuti trakoma yaleka kukhala vuto la dziko lawo. Malire amene amatilekanitsa ndi iwo ndi msewu, mtsinje kapena munda. Chimene chatheka kutsidya chikhoza kutheka kuno. Agogo amene amazula nsidze ndi kachitsulo chifukwa zikuwalasa m'maso, tiwaperekeze kuchipatala diso lisanachite mtambo.

Chakudya cha maso

Diso limafuna vitamini A. Mwana wosowa vitamini ameneyu amayamba kupunthwa madzulo, anzake akuonabe. Akadwala chikuku, diso limauma n'kuchita chironda. Vitamini A ali m'mango, m'mapapaya, m'maungu, m'mbatata yofiira m'kati, mu nkhwani, bonongwe, chigwada, mazira ndi chiwindi. Masamba akhale otendera kapena othira timafuta, pakuti vitaminiyu amalowa bwino m'thupi pamodzi ndi mafuta. Kusikelo ana a miyezi 6 kufikira zaka 5 amalandira kapisozi wa vitamini A pa miyezi 6 iriyonse.

8. MATENDA A PAKHOSI

Pakhosi popweteka pali mitundu iwiri, ndipo tiyenera kuisiyanitsa.

Mtundu woyamba umadza pamodzi ndi chimfine: mamina, kuyetsemula, chifuwa ndi kusasa mau. Umenewu ndi wa mavairasi ndipo ndiwo wofala. Asirikali a m'thupi amaugonjetsa m'sabata imodzi. Wodwala apume, amwe madzi ambiri ndi zofunda, avumate madzi ofunda a mchere pang'ono. Makapisozi safunika.

Mtundu wachiwiri ndi wa bakiteriya wotchedwa streptococcus. Umakonda ana a zaka 5 mpaka 15. Umayamba mwadzidzidzi. Mwana amatentha thupi, amalephera kumeza nsima, anabere a m'khosi amatupa ndi kupweteka, koma alibe chifuwa kapena mamina. Tikamuunika kukhosi timaona matonsi ofiira, otupa, nthawi zina okhala ndi mawanga oyera. Mwana wotere apite kuchipatala.

Wina angafunse, "Bwanji tivutike ndi ulendo, pamene pakhosipo padzapola pokha?" Inde padzapola. Koma tamverani chimene chimachitika mwa ana ena. Bakiteriya ameneyu ali ndi chovala chofanana ndi minofu ya mtima wa munthu. Asirikali amasula zida zomenyera bakiteriyayo, ndipo pakapita masabata awiri kapena atatu zida zomwezo zimatembenukira mwiniwake. Zimamenya mfundo za mafupa, ndipo zimamenya zitseko za mtima, zimene zimatsegula ndi kutseka kuti magazi ayende njira imodzi. Mwana amatenthanso thupi. Bondo limatupa ndi kupweteka, mawa ululu wasamukira kuchigongono kapena kukakolo. Ululu wa m'mfundo umatha, koma chipsera cha pamtima chimatsala. Nthendayo ikabwereza, zitseko zimaonongeka moonjezera. Mnyamata wa zaka 18 amayamba kupuma wefuwefu pokwera kachitunda. Mtsikana amatupa miyendo, ndipo moyo wake umakhala pangozi akadzatenga pakati.

Vutoli si lakutali. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2007 anapima mitima ya ana a sukulu oposa 2,000 ku Maputo ndi makina oona m'kati mwa mtima. Anapeza kuti pa ana 1,000 aliwonse, pafupifupi 30 anali ndi zizindikiro za nthendayi. Ambiri a iwo ankaoneka athanzi, ndipo chomvetsera cha dokotala sichinawatulukire.

Komatu kuteteza kwake n'kosavuta: jakisoni mmodzi wa penisilini, kapena mapiritsi omwa masiku 10. Pa tsiku lachitatu mwana amayamba kusewera, ndipo makolo ambiri amasiya mankhwala n'kusungira otsalawo mng'ono wake. Tisatero. Masiku 10 akwane. Mwana amene mtima wake wakhudzidwa kale amafunika jakisoni pa masabata 3 kapena 4 aliwonse kwa zaka zambiri, kuti nthendayo isabwereze. Banja lonse limukumbutse tsiku lake.

Pali zizindikiro zina zimene sizilola kudikira kuti kuche: wodwala akamalephera kumeza ngakhale malovu, akamalephera kuyasamula, akamapuma mwaphokoso, kapena khosi likatupa ndipo kukhosi kwayala chinthu chotuwa ngati chikopa. Chotsirizachi chikhoza kukhala diphtheria, nthenda yotseka mpweya. Katemera wa miyezi 2, 3 ndi 4 uja amateteza mwana ku nthenda imeneyi.

9. NTCHITO YATHU TONSE

Taona kuti mphere sichizika mwa munthu mmodzi, koma m'nyumba yonse. Trakoma sithetsedwa ndi nyumba imodzi, koma ndi mudzi wonse. Ntchentche yochokera kuseri kwa nyumba yopanda chimbudzi sifunsa kuti mwana uyu ndi wa yani. Mutu umodzi susenza denga.

Mu 1978 dziko lathu linayamba ntchito ziwiri: kampeni yoyamba yophunzitsa akuluakulu kuwerenga ndi kulemba, ndi kuphunzitsa azaumoyo a m'midzi amene ambiri timawadziwa ndi dzina loti APE. Ntchito ziwirizi ndi mapasa. Mayi wodziwa kuwerenga amadziwa tsiku la katemera. Bambo wodziwa kuwerengera amakwanitsa masiku 10 a mankhwala. Ndipo maso amene tikuwateteza ndi omwewo amene tikuwerengera tsamba lino.

Tigwirizane pa mfundo izi:

Mwana aliyense asambe kumaso m'mawa uliwonse, ngakhale ndi kapu imodzi ya madzi.
Tisambe m'manja ndi sopo, ndi madzi othirirana, osati m'beseni limodzi.
Nyumba iriyonse ikhale ndi chimbudzi chovundikira, ndipo chimbudzi cha mwana chitayidwe momwemo.
Zofunda ndi mphasa ziziyanikidwa padzuwa.
Mphere ikalowa, nyumba yonse ilandire mankhwala pamodzi.
M'diso musalowe kanthu kosachokera kuchipatala.
Mwana wotentha thupi ndi wolephera kumeza aonedwe ndi azaumoyo.
Mankhwala amalizidwe monga atiuzira.
Katemera aliyense wolembedwa pakhadi alandiridwe.

MAU OTI TILEMBE M'MAKOPE

chitetezo, tizirombo, asirikali, mwanabere, katemera, mphere, chipere, manthongo, trakoma, impso, mtima

MAFUNSO OKAMBIRANA M'GULU

1. Kodi mafinya n'chiyani? Nanga mwanabere amatupiranji?
2. N'chifukwa chiyani amene sakukanda nayenso ayenera kupaka mankhwala a mphere?
3. Kodi nsidze zimafika bwanji polasa diso?
4. Tingasiyanitse bwanji pakhosi pa chimfine ndi pakhosi pofunika penisilini?
5. Tchulani zakudya zisanu zoteteza maso zimene zimapezeka m'munda mwanu.

NTCHITO YA SABATA INO

Tigawane awiriawiri. Gulu lirilonse liyendere nyumba 10. Tilembe m'kope nyumba zimene ziri ndi chimbudzi ndi zimene ziribe. Tipemphe kuona makhadi a ana osakwana zaka ziwiri, ndipo tiwerengere makolo tsiku la katemera wotsatira. Tilowe m'nyumba za anzathu mwaulemu, monga othandiza, osati oweruza. Zimene tipeze tidzaziwerenga pamaso pa gulu lonse, kenaka tidzazipereka kwa wazaumoyo ndi kwa atsogoleri a mudzi wathu.

Tigonjetse umbuli! Tigonjetse matenda!